Kodi Father Christmas Anachokera Kuti, Nanga N'chifukwa Chiyani Safika ku Namitete?

Chaka chatha, kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ikwane, alongo anga anandituma ku Lilongwe kukagula nsapato za mwana wawo wazaka 6. Poopa kugula zazing'ono, ndinamutenga mwanayo. Unali ulendo wake woyamba kulowa m'tawuni. Titafika pakhomo pa sitolo ina yaikulu tinapeza munthu ataima, atavala zofiira kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndevu zoyera za thonje zili lende, nsapato zakuda za jombo, belu lili m'manja. Mwana uja anandigwira buluku n'kukuwa kuti, "Amalume, gule! Tiyeni tithawe!"

Anthu anaseka. Munthu wa zofiira uja anatsitsa ndevu zija pang'ono, ndipo ndinaona kuti anali mnyamata wa msinkhu wanga, thukuta lili kamukamu chifukwa dzuwa la Disembala silinyengerera. Anamupatsa mwanayo switi n'kumuuza kuti asaope.

Pobwerera, mu minibasi ya ku Mchinji, mayi wina amene anamva nkhaniyo anamufotokozera mwanayo mokoma mtima kuti ameneyo ndi Father Christmas, ndipo amayenda usiku kugawa mphatso kwa ana amene akhala akumvera makolo chaka chonse. Mwanayo anangoti chete. Tinadutsa pa Chitedze, tinadutsa pa Mpingu, osayankhula. Tikuyandikira pa Msundwe m'pamene anandikoka dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndiye kuti ine ndine wamwano? Nanga kwathu sanabwerepo bwanji?"

Ine ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo m'kalasi timakambirana kawirikawiri za mmene mwana amadzionera yekha. Koma tsiku limenelo ndinasowa choyankha. Ndinangomugulira chimanga chootcha kuti aiwale. Titatsegulira sukulu ndinaganiza zofufuza kuti munthu wa zofiirayu ndani kwenikweni, ndipo zimene ndinapeza n'zakuti nkhope yake yasinthidwa kambirimbiri, ndipo aliyense amene anaisintha anali ndi chake chimene ankafuna.

Bishopu wa ku Myra

Nkhani imayambira kudziko lotentha, osati lozizira. M'zaka za m'ma 300, mumzinda wa Myra, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, munali bishopu dzina lake Nicholas. Malowa lero ali m'dziko la Turkey ndipo tawuni yake ikutchedwa Demre. Amene amawerenga buku la Machitidwe akumbukira kuti Paulo, ali mkaidi paulendo wopita ku Roma, anasinthira ngalawa pa Myra pomwepa. Zili pa chaputala 27. Nicholas anamwalira cha m'ma 343, ndipo mipingo imene imakumbukira oyera mtima inaika tsiku lake pa 6 Disembala.

Mbiri yake yatsatanetsatane inadzalembedwa patapita zaka pafupifupi 500, choncho zambiri zimene zimanenedwa za iye ndi nthano za anthu omukonda. Koma pali nkhani imodzi imene inamumatirira kuposa zonse, ndipo ndi imene inabala mwambo wa mphatso.

Akuti mumzinda wa kwawo munali bambo wina amene chuma chinamuthera, ali ndi ana aakazi atatu. Kumeneko mwambo unali wosiyana ndi wathu. Ife Achewa mwamuna ndiye amapita kuchikamwini, ndipo anzathu a kumpoto mwamuna ndiye amapereka malowolo. Koma kumeneko bambo wa mtsikana ndiye ankayenera kupereka chuma choti mwana wake alowe nacho m'banja. Popanda chumacho, mtsikana sankakwatiwa. Bamboyo atasowa pogwira, anaganiza zowatumiza anawo kukagulitsa thupi kuti pakhomo papezeke chakudya. Nicholas, amene makolo ake anamusiyira chuma, atamva zimenezi anapita usiku n'kuponya kathumba ka golide pawindo, n'kuthawa. Mwana woyamba anakwatiwa. Anachitanso chimodzimodzi kachiwiri. Kachitatu bamboyo anabisalira, anamuthamangitsa n'kumugwira, koma Nicholas anamuchonderera kuti asauze munthu aliyense.

Taonani bwino zinthu zitatu m'nkhaniyi, chifukwa zonse zinadzatayika panjira. Mphatsoyo inapita kunyumba yosauka, osati yolemera. Sinali mphoto ya khalidwe labwino, pakuti bamboyo anali pafupi kuchita choipa. Ndipo woperekayo sanafune kudziwika. Sizinali zidole kapena maswiti. Zinali ndalama zopulumutsa tsogolo la atsikana atatu. Tikaibweretsa nkhaniyi kwathu kuno, Nicholas ndi munthu amene wamva kuti mtsikana wa Fomu 2 wa kwa Kabudula sabwerera kusukulu mu Januwale chifukwa cha fizi, ndipo akuluakulu ayamba kale kukamba za mwamuna wina wa fodya, ndiye iye n'kupita mwakachetechete kukalipira kwa a bursar osatchula dzina. Malamulo a dziko lino, kuchokera mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017, amati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma tonse tikudziwa kuti njala ya Januwale ndi Febuluwale siwerenga malamulo.

Mu 1087 amalinyero a ku Italy anatenga mafupa a Nicholas n'kupita nawo ku Bari, komwe ali mpaka lero. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri anayeza chigaza chake, ndipo mu 2004 katswiri wina wa ku England, Caroline Wilkinson, anagwiritsa ntchito miyezoyo kujambula nkhope yake pakompyuta. Inatuluka nkhope ya bambo wachikulire, wa khungu lofiirira la anthu a kuderalo, wa mphuno yoti inathyokapo. Palibe chofanana ndi wa masaya ofiira amene timamuona pamapepala.

Mmene anasamukira pa 25 Disembala

Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, ana ankalandira timphatso pa 6 Disembala kapena usiku wake, m'dzina la Nicholas. Ankamujambula ngati bishopu: wochepa thupi, chisoti chachitali, ndodo ya ubusa m'manja. Khirisimasi inali tsiku lina, la kutchalitchi.

Zinthu zinasintha ndi kukonzanso mpingo m'zaka za m'ma 1500. Martin Luther ndi anzake sanafune kuti ana aziyang'ana kwa oyera mtima. Koma anadziwanso kuti simungalande mwana mphatso popanda kumupatsa china. Choncho m'madera ambiri a ku Germany mphatso zinasamutsidwira usiku wa pa 24 Disembala, ndipo ana ankauzidwa kuti wabweretsa ndi Khristu wakhanda, amene m'chinenero chawo amati Christkind. Chodabwitsa n'chakuti dzinali litawoloka nyanja kupita ku America linapotoka n'kukhala Kris Kringle, ndipo lero ndi dzina lina la munthu wa zofiira yemwe uja. Dzina limene linabwera kudzachotsa Nicholas linathera pa Nicholas yemweyo.

Dzina limene ife timaligwiritsa ntchito, Father Christmas, tinalitenga kwa Angerezi, ndipo poyamba linali la munthu wina. Father Christmas wa ku England sanali wogawa mphatso kwa ana. Anali chithunzi cha madyerero a akuluakulu: nkhalamba yansangala yoitanira anthu ku nyama, mowa ndi magule. Nthawi zambiri ankamujambula atavala mkanjo wobiriwira ndi nkhata ya masamba kumutu. N'chifukwa chake Akhristu okhwimitsa zinthu, otchedwa Puritans, anadana naye. Mu 1647 nyumba ya malamulo ya ku England inathetsa chikondwerero cha Khirisimasi, ndipo ku Massachusetts, ku America, kuyambira 1659 mpaka 1681 munthu wopezeka akusangalalira tsikuli ankalipitsidwa chindapusa. Choncho mkulu wa mpingo akamadandaula lero kuti Khirisimasi yasanduka tsiku la kachasu pa Nsaru, adziwe kuti dandaulo lakelo lili ndi zaka zoposa 300.

Ku Netherlands anthu anakana kumusiya Nicholas. Amamutcha Sinterklaas, ndipo mpaka lero amafika mu Novembala pa sitima ya pamadzi, atavala za ubishopu, atakwera hatchi yoyera. Apa pali mbali imene ife a ku Africa tiyenera kuidziwa. Mu 1850 mphunzitsi wina wa ku Amsterdam, Jan Schenkman, analemba kabuku ka ana momwe anamupatsa Sinterklaas wantchito wakuda. Wantchitoyu anadzatchedwa Zwarte Piet, kutanthauza Petulo Wakuda, ndipo azungu ankadzipaka zakuda kumaso, milomo yofiira ndi tsitsi lopotana pomusewera. Pa nthawi imene kabukuka kankatuluka, dziko la Netherlands linali lisanathetse ukapolo m'madera amene linkalamulira, pakuti linauthetsa mu 1863. M'zaka zaposachedwa anthu akuda a kumeneko achita zionetsero zotsutsa mwambowu, ndipo m'mizinda yambiri ausintha. Ndikutchula izi makamaka kwa anzanga a zauphunzitsi: amene anaika chithunzi chimenechi m'mitu ya ana kwa zaka zoposa 150 anali mphunzitsi, ndipo anachita zimenezi ndi kabuku ka zithunzi.

Olemba, wojambula ndi amalonda

Santa Claus amene dziko lonse likumudziwa lero anaumbidwa ku New York. Dzinalo ndi Sinterklaas lomwe lija litatchulidwa ndi lilime la Chingerezi. Mu 1809 wolemba wina, Washington Irving, analemba buku lanthabwala la mbiri ya mzindawo, ndipo polikonzanso mu 1812 anaikamo Nicholas akuuluka pamwamba pa mitengo ndi ngolo. Kenako pa 23 Disembala 1823 nyuzipepala ya Troy Sentinel inasindikiza ndakatulo yotchedwa A Visit from St. Nicholas, imene pambuyo pake Clement Clarke Moore anati ndi yake. Ndakatulo imeneyi ndi imene inafalitsa zambiri zimene ana amauzidwa lero: kubwera usiku wa pa 24 Disembala, ngolo yopanda matayala yotsetsereka pa chipale chofewa, nyama 8 zonga mphalapala zoikoka, kulowera pa chumuni, thumba la zidole kumsana. Ubishopu wonse unathera pamenepo. M'ndakatuloyo ndi kamunthu kakang'ono konenepa, kovala zikopa zaubweya zodetsedwa ndi mwaye, kaliwo ali kukamwa.

Za chumunizi zimandiseketsa. Kwathu kuno chumuni chimene mwana amachidziwa ndi cha balani ya fodya kuesiteti. Nyumba zathu utsi umatulukira m'denga la udzu la kukhitchini. Akanati abwere, akanalowera pati?

Nkhope inadzakhazikika ndi wojambula wina wobadwira ku Germany, Thomas Nast, amene ankagwira ntchito ku magazini ya Harper's Weekly. Chithunzi chake choyamba chinatuluka mu Januwale 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati. Santa ali pamsasa wa asilikali a kumpoto, wavala jekete la nyenyezi ndi buluku la mizeremizere ngati mbendera ya dzikolo, ndipo wanyamula chidole cha Jefferson Davis, mtsogoleri wa adani awo a kummwera, chingwe chili m'khosi. Kunena mosabisa, Santa wa masiku ano anayamba ntchito ngati wokopa anthu pankhondo. Nast anapitiriza kumujambula kwa zaka zoposa 20, ndipo ndiye anafalitsa zoti amakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ali ndi malo opangira zidole komanso buku lalikulu lolembamo ana abwino ndi oipa.

Ambiri amanena kuti kampani ya Coca-Cola ndi imene inamuveka zofiira. Si zoona kwenikweni, chifukwa magazini ndi makadi ena anali atamujambula kale ndi zofiira kampaniyo isanayambe. Chimene Coca-Cola inachita n'kusankha chithunzi chimodzi n'kuchibwereza mpaka zina zonse zinaiwalika. Vuto lawo linali la malonda: ku America Disembala ndi mwezi wachisanu, ndipo anthu sankagula zakumwa zozizira. Kuyambira 1931 mpaka 1964 wojambula wina, Haddon Sundblom, ankawajambulira Santa chaka ndi chaka: bambo wamkulu thupi, wa msinkhu wa munthu weniweni, masaya ofiira, lamba wakuda, botolo lili m'manja. Mu 1939 sitolo ya Montgomery Ward inawonjezera nyama ina ya mphuno yofiira, Rudolph, m'kabuku kogawira ana a makasitomala. Zonsezi zinachokera m'maofesi otsatsa malonda.

Si onse anamulandira. Mu Disembala 1951, mumzinda wa Dijon ku France, ansembe anapachika chifanizo chake panja pa tchalitchi chachikulu n'kuchiotcha ana akuonerera, ponena kuti walanda malo a Khristu. Ku Russia boma la chikomyunizimu linayamba laletsa nkhalamba yawo yogawa mphatso, Ded Moroz, koma cha m'ma 1935 linaibweza n'kuisamutsira pa chaka chatsopano kuti isakhudzane ndi chipembedzo. Bishopu, wokonzanso mpingo, wankhondo, wamalonda, wandale, aliyense anamusoka malaya omuyenera iye mwini.

Nanga kwathu kuno amabweretsa mphatso ndani?

Khirisimasi inafika m'dera lathu ndi amishoni: a Dutch Reformed amene anayamba pa Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma, ndi ansembe a White Fathers amene anatsegula Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kudzafika ku Nambuma ndi ku Namitete. Iwo anabweretsa mapemphero a tsikuli, nyimbo, ndi masewero a abusa ndi anzeru a kum'mawa. Munthu wa zofiira anabwera njira ina: m'masitolo a m'tawuni, pa makadi, pa zotsatsa malonda a zakumwa, ndipo kenako pa kanema, makamaka wailesi ya kanema ya dziko lino itayamba mu 1999. N'chifukwa chake amathera pomwe pathera masitolo akuluakulu. Safika ku Namitete chifukwa amene amamulemba ntchito alibe sitolo kumeneko.

Komatu mwana wa alongo anga sanalakwitse kwambiri pomutcha gule. Anaona munthu wobisa nkhope, wovala zachilendo, woti akuluakulu akudziwa kuti ndi munthu koma ana akuuzidwa kuti ndi chinthu china. Sindikulowa m'nkhani za kudambwe, koma aliyense wokulira kuno akudziwa kuti Achewa anayamba kalekale kutenga nkhope za alendo n'kuzipanga zawo. Pali Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, palinso Maliya, ndipo onsewa anatengedwa ku zimene makolo athu ankaona ndi kumva kumishoni. Mwanayo anangomuika mlendoyo m'gulu limene amalidziwa.

Mawu amene ana a kwathu amawadziwa si Father Christmas koma "Khirisimasi bokosi". Pa 25 ndi pa 26 Disembala amayenda m'timagulu, atavala malaya atsopano amene akhala m'sutikesi kuyambira nthawi yogulitsa fodya, ndipo aliyense wooneka kuti ali ndi kenakake m'thumba amamuuza mawu amenewa. Nawonso ndi ochokera ku England. Kumeneko mabwana ankapatsa antchito awo kabokosi ka ndalama kapena zotsala za phwando tsiku lotsatira Khirisimasi, ndipo n'chifukwa chake pa 26 Disembala pamatchedwa Boxing Day, tsiku limene kuno n'latchuthi mpaka lero. Mu nthawi ya atsamunda mwambowu unafika kwa ophika, olima maluwa ndi alonda a m'nyumba za azungu, ndipo kuchokera kumeneko unalowa m'midzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa Khirisimasi bokosi sadikira munthu wa usiku. Amapempha masana, maso ndi maso, kwa munthu amene akumudziwa dzina.

Ndipo ngati pali munthu amene mudzi unkamudikira ndi thumba kumsana, ndi wa ku Joni. Agogo anga aamuna anapita kumigodi pa Wenela ali mnyamata. Agogo aakazi amasimba mpaka lero za tsiku limene anatsika pamsewu ndi sutikesi yachitsulo, bulangete, wailesi ndi njinga, mudzi wonse n'kukhamukira pakhomo. Aliyense analandira kanthu, ngakhale kasopo. Koma mphatso zimenezo zinali ndi mtengo wake umene ana sankauona: fumbi la pansi pa nthaka, chifuwa chosatha, ndi ena amene sanabwerere. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoyo, ndipo ngakhale inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, imene ife timati Theba, inadzatheratu mu 1988. Lero akadalipo obwera mu Disembala, pa mabasi a ku Johannesburg okoka ngolo zodzaza zikwama, kapena ochokera ku Area 25 ndi ku Kawale ndi thumba la mpunga, shuga ndi buledi. Amene sanathe kubwera amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Wobweretsa mphatso wa kwathu ali ndi dzina, ali ndi msana wopweteka, ndipo nthawi zina amabwera ndi ngongole.

Tisaiwalenso nyengo. Kumayiko kumene munthuyu anaumbidwira, Disembala ndi nthawi yoti zokolola zili m'nkhokwe ndipo anthu akhala m'nyumba kuthawa chisanu. Kwa ife ndi mwezi wa khasu. Anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ndalama yonse yapita ku feteleza, nkhokwe yayamba kulira, ndipo ena akudalira mango ndi maganyu. Bambo amene wapha nkhuku n'kugula mpunga ndi Fanta pa tsikuli wachita zazikulu. Kumuuza mwana wa bambo ameneyu kuti pali wina amene amagawa zidole kwa ana omvera ndi kumunamiza kawiri: kumubisira thukuta la bambo ake, ndi kumusiya aganize kuti umphawi wa pakhomo ndi chilango cha khalidwe lake.

Zimene mpingo wathu unanenapo

Ena mwa ife tinakulira m'makomo momwe yankho linali lalifupi: Khirisimasi ndi yachikunja, basi. N'zoona kuti Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa, ndipo umboni woyamba wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi wa ku Roma m'chaka cha 336. Koma ndinadabwa nditawerenga zimene Ellen White analemba mu Review and Herald mu 1879 ndi 1884, zimene zinasonkhanitsidwa m'buku la The Adventist Home. Onani zakazo: ankalemba nthawi yomweyo imene Thomas Nast ankajambula zithunzi zake, m'dziko lomwelo. Iye anavomereza kuti tsikulo silidziwika, koma sanalangize makolo kungolinyalanyaza, podziwa kuti ana akaona anzawo akusangalala adzapita kukafuna chisangalalocho kwina. Analangiza zolitembenuza. Anati mtengo ukhoza kuikidwa m'tchalitchi, koma panthambi zake pakolekedwe zopereka zothandiza ntchito ya Mulungu ndi osowa. Anatinso mphatso zopatsana zikhale zothandiza, monga mabuku abwino, ndipo ana aphunzitsidwe kupereka, osati kungolandira.

Ndikaika malangizo amenewa pambali pa nkhani ya kathumba ka golide kaja, ndikuona kuti akuyandikana kuposa mmene onsewa akuyandikirana ndi munthu wa pasitolo. Pa Mateyu 6, Yesu anaphunzitsa kuti popereka kwa osauka tisalize lipenga, ndipo ngakhale dzanja lina lisadziwe chimene linzake likuchita. Apa ndiye pamene ifenso pakutivuta, ndisanamizire azungu okha. Ife timakonda kupereka moonetsa. Paukwati timaponya ndalama tikuvina, woyendetsa mwambo akutchula dzina. Posonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi timawerenga mayina ndi kuchuluka kwake kuguwa. Mu Disembala makampani ndi andale amapita kuzipatala ndi mabulangete, atolankhani ali pambuyo, ndipo wodwala amajambulidwa atagona pabedi asanafunsidwe. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu uli ndi nzeru zake, chifukwa mudzi umayenda ndi kubwezerana. Koma woika amayembekeza kudzatenga. Nicholas wa m'nkhani ija anathawa kuti bambo wa atsikanawo asakhale ndi munthu womuweramira akakumana pamsika.

Kwa ife amene tikukaima kutsogolo kwa kalasi, nkhaniyi si yakutali. Masukulu ambiri a mkaka ndi a pulayimale omwe si aboma, ngakhale m'matawuni ang'onoang'ono, amatseka teremu yoyamba ndi phwando, ndipo mphunzitsi mmodzi amavekedwa zofiira. Nthawi zambiri makolo ndiwo amagula mphatso n'kukazisiya kwa aphunzitsi mwamseri, zitalembedwa dzina la mwana. Ndiye taganizirani: Father Christmas akuitana mayina, wina akulandira galimoto ya batire, wina paketi ya bisiketi, wina dzina lake silikutchulidwa n'komwe. Ana onsewo auzidwa kuti mphatso zimatsata khalidwe. Mphunzitsi amene wathera teremu yonse akumulimbikitsa mwana wamasiye kuti ndi wanzeru akhoza kugumula zonsezo m'mphindi khumi, atavala ndevu za thonje. Ine ndikadzapatsidwa kalasi, ngati phwandolo lidzakhalepo, ndidzapempha kuti makolo asonkhe m'thumba limodzi ndipo mwana aliyense alandire chofanana ndi mnzake, ngakhale likhale kope ndi pensulo. Ndipo nkhani ya bishopu wa ku Myra ndidzaisimba ngati mbiri ya munthu amene anakhalako n'kumwalira, osati wina amene akubwera usiku uno.

Pa tchuthi chapitachi ndinakhala pansi ndi mwana uja pakhonde, tikukazinga chimanga. Ndinamukumbutsa za ulendo wa ku Lilongwe, ndipo anali asanaiwale. Ndinamuuza kuti munthu wa zofiira uja anali mnyamata wapaganyu, wolembedwa ndi eni sitolo kuti anthu azilowa kukagula, ndipo madzulo anavula ndevu zija n'kukwera minibasi kupita kwawo ngati ife. Ndinamuuza kuti nsapato zimene wavala zinagulidwa ndi ndalama za mtedza umene amayi ake analima, ndipo palibe buku lililonse kumene dzina lake linalembedwa kuti ndi wamwano. Kenako ndinamusimbira za bambo wa ana aakazi atatu ndi munthu woponya kathumba pawindo.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akutafuna. Atameza anafunsa kuti, "Nanga amalume, waganyu uja, jombo zija anamupatsiratu kapena anabweza?"